Bu Lasmi ndi a Paijem Awiri

Bu Lasmi, kapena tinene kuti Mayi Lasmi, anagwira unamwino zaka makumi awiri ndi zinayi ku wodi ya ana, asanawapatse kachipinda ka kuseri kwa malo olandirira mankhwala. Chipatala chake ndi cha boma, m'tauni yathu ya m'mapiri a pakati pa Java, kumene nkhungu ya m'mawa imatsika mpaka pageti. Anyamata ambiri amene lero amadikirira okwera pageti pomwepo ndi njinga zawo zamoto, Bu Lasmi anawabayapo jakisoni ali makanda. Anali mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, wa dzanja lofewa pofufuza mtsempha wa mwana. Amuna awo, Pak Darmo, ankaphunzitsa kupulaimale. Anagwa m'kalasi tsiku lina m'mawa ndipo sanadzukenso. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Teguh, ankawotcherera zitsulo za zombo ku Batam, n'kumaimba foni Lamlungu akakumbuka.

Chimene chinawachotsa ku wodi ya ana chinachitika chaka chomwecho cha maliro. Khanda lina linabayidwa mankhwala ochuluka kakhumi kuposa muyezo wake. Linapulumuka, koma linatha sabata ziwiri likupumira m'makina. Amene anabaya anali Ngatmi, mnzawo wa Bu Lasmi kuyambira kusukulu ya unamwino, munthu amene ankadya naye m'mbale imodzi. Akuluakulu analamula aliyense amene anali pantchito tsikulo kuti alembe zimene anaona. Ena analemba mizere iwiriiwiri yosanena kanthu. Bu Lasmi analemba masamba atatu: kuti dokotala analemba nambala mosawerengeka, kuti kadontho ka pakati pa manambala sikankaoneka, kuti anamwino analipo awiri okha pa ana makumi atatu, ndiponso kuti jakisoniyo anabaya Ngatmi. M'maganizo mwawo ankapulumutsa mnzawo. Akuluakulu anawerenga masamba onse atatu n'kutolamo dzina lokhalo. Ngatmi anamusamutsira ku kachipatala ka kumudzi, ulendo wa maola anayi pabasi, ndipo dokotala uja anapitiriza kulemba monga kale.

Kuyambira pamenepo, Bu Lasmi akalowa m'kantini nkhani zinkathera pakati. Kumbali ankawatchula kuti Bu Polisi. Boma litalamula kuti chipatala chilichonse chikhale ndi ofesi yoona kuti odwala asamavulale ndi zolakwa za m'chipatala momwemo, mkulu wa chipatala sanavutike kusankha. "Tili naye kale wokonda kulemba," anatero, anthu n'kuseka.

M'kachipindako munali tebulo, kabati, mipando iwiri ndi zenera loyang'anizana ndi khoma la kochapira. Pakhomo anakhomapo bokosi lokhala ndi kamng'alu, kuti aliyense woona cholakwika azilemba pafomu n'kuponyamo. Chaka choyamba chonse munagwa mafomu asanu ndi awiri, mapepala a maswiti, ndi kakalata kamodzi kolembedwa kuti, "Mwagwira angati lero?" Bu Lasmi ankatsegula bokosilo m'mawa uliwonse, kulipukuta, n'kulitsekanso. Kukantini anasiya kupita. Ankabwera ndi mpunga ndi tempe, ndiwo yathu ya soya, zokulunga m'tsamba la nthochi, n'kumadyera patebulo pawo chitseko chili chotseka.

Ngatmi anamuonapo kamodzi kokha, atabwera kudzadwazika apongozi ake. Anakumana m'khonde, ndipo panalibe kothawira.

"Muli bwanji, Bu Lasmi?" anatero Ngatmi, atagwada pang'ono monga amachitira munthu kwa mlendo. Zaka zonse zija ankangoti Las.

"Ndili bwino, Mi. Ana ali bwanji?"

"Ali bwino, Bu. Pepani, ndathamanga."

M'chaka chachitatu kunabwera lamulo lina: ophunzira udokotala, amene ife timati akoas, azipita kwa Bu Lasmi Lachinayi lililonse masana kukaphunzira zoteteza odwala. Pachipatala palibe munthu wapansi kuposa koas. Amavala khoti loyera, koma amatumidwa ndi aliyense, amaima pamene ena akhala, ndipo akalakwa amakalipiridwa pamaso pa wodwala. Ankabwera asanu ndi mmodzi pagulu, kuchokera kuyunivesite ya kumzinda, maso ali ofiira ndi tulo. Mipando inali yosakwana, choncho ena ankakhala pansi atatsamira kabati.

Bu Lasmi anachita mantha. Iwo, namwino, akaphunzitse chiyani madokotala a mawa? Sabata zoyamba ankawerenga mokweza buku la malamulo lochokera ku unduna, anawo akuodzera. Tsiku lina mnyamata wina wa ku Flores, wanthabwala, dzina lake Anselmus, anakweza dzanja.

"Bu, zimenezi zidzabwera pamayeso?"

"Sindikudziwa, Mas Anselmus. Sindikhulupirira."

"Ndiye tingosaina pati, tikagoneko pang'ono?"

Anzake anaseka mobisa. Bu Lasmi anatseka bukulo. Mwanayo sananame: ngakhale iwo eni ake ankatopa nalo.

"Chabwino. Buku tasiya. Muzingopita kumawodi kwanu monga mwa masiku onse, koma muziyang'ana. Lachinayi mudzandiuze chinthu chimodzi chimene chinakuchititsani nthumanzi. Dzina la munthu sindikufuna."

"Ine chimene chimandichititsa nthumanzi ndi Dokotala Hardiman," anatero Anselmus.

"Ndati dzina sindikufuna."

Ulendo uno anaseka mokweza, ndipo Bu Lasmi anadabwa kumva kuseka m'kachipinda kawo. Koma Lachinayi lotsatira zimene anabweretsa zinali zazing'ono: mpopi wosatseka, bedi lothyoka gudumu. Zenizeni ankazisunga m'mimba. Dzina la Bu Polisi anali atalimva kale kwa anamwino.

Pagulupo panali mtsikana wa ku Pekalongan, Galuh, amene sankalankhula konse. Lachiwiri lina masana, mvula ikugwa, anagogoda pachitseko. Silinali tsiku la akoas. Bu Lasmi anali atangomasula tsamba la mpunga.

"Lowani, Mbak Galuh. Mwadya?"

"Ndadya, Bu."

Anakhala m'mphepete mwa mpando, akupotokola chingwe cha chiphaso chake. Bu Lasmi anadikira. Kudikira mwana kuti anene pamene pakumupweteka inali ntchito yawo yakale.

"Bu, munthu akalemba fomu ija, imapita kwa ndani?"

"Imayamba yafika kwa ine."

"Kenako?"

"Kenako ndimapita nayo kumsonkhano. Nenani kaye chimene chachitika."

Galuh anafotokoza maso ali pansi. Loweruka m'mawa, ku wodi ya amayi, anamupatsa kapepala kuti akatenge magazi a Mbah Paijem, gogo amene ankayenera kuwonjezeredwa magazi tsiku lomwelo. Kulabu, kumene amayezera magazi, ankafuna ayambe aona mtundu wa magazi awo. Galuh anaima pakhomo la wodi n'kuitana dzinalo, ndipo gogo wa pabedi lachinayi anayankha. Anawerenga chibangili cha pamkono pawo monga anaphunzitsidwira: Paijem, wobadwa pa 31 Disembala 1950. Zinagwirizana ndi kapepala kaja. Anatenga magazi, kulemba pakabotolo, n'kukasiya kulabu.

Chakumasana akudutsa kumapeto kwa wodi, anamva bambo wina akukuwa m'khutu mwa gogo wina wotumbuluka, wogontha, kuti, "Mayi Paijem, magazi anu abwera posachedwa." Galuh anayang'ana chibangili. Paijem, 31 Disembala 1950.

Bu Lasmi sanadabwe ndi tsikulo. Agogo a kumapiri kuno ambiri ali ndi dzina limodzi lokha, ndipo tsiku lawo lobadwa salidziwa. Kalaliki wa ziphaso akafunsa n'kuona kuti yankho palibe, amangolemba tsiku lomaliza la chaka.

"Ndinathamangira kulabu, Bu. Thumba la magazi linali litatuluka kale mufiriji, litalembedwa dzina. Titatenganso magazi a agogo enieniwo, mtundu wake unali wina." Onse awiri ankadziwa chimene magazi a mtundu wina amachita m'thupi la munthu.

"Analandira oyenera?"

"Analandira, madzulo. Ali bwino. Mawa akutuluka."

"Akudziwa ndani?"

"A kulabu ndi namwino mmodzi. Onse akuti ndikhale chete, palibe wafa. Akuti Dokotala Hardiman akamva ndibwereza miyezi itatu, mwinanso andilembera kusukulu. Koma sindikugona, Bu."

Bu Lasmi anayang'ana kunja, kukhoma la kochapira. Zaka zitatu anali akudikira kuti munthu adzabwere ndi nkhani yeniyeni, koma itabwera, anakumbukira za Ngatmi. Anali atalembapo kale masamba atatu ndi mtima wabwino, ndipo anaona kumene anathera.

Anang'amba tsamba la nthochi pakati, kugawa mpunga, n'kukankhira theka kwa mtsikanayo.

"Idya, Nduk, mwana wanga. Wandinamiza, sunadye. Tilemba tonse awiri. Tilemba zonse, kuyambira amene anakupatsa kapepala mpaka pamene unathamangira. Koma dzina lako silituluka m'chipinda chino, ngakhale iwe mwini wako usalitulutse."

"Akakufunsani?"

"Adzandifunsa."

Lachinayi Bu Lasmi anauza gulu lonse nkhaniyo osatchula munthu. Palibe anaodzera. Anawafunsa kuti, akanakhala iwo, akanachita chiyani chosiyana, ndipo anavomera kuti aliyense akanawerenga chibangili chomwecho. Ndiye anawapatsa ntchito: kwa sabata ziwiri, m'mawa uliwonse, awerenge odwala a dzina lofanana mu wodi imodzi, ndiponso okalamba olembedwa kuti anabadwa pa 31 Disembala. Anawo anaigwira ntchitoyo ngati mpikisano. Anselmus ankalowa akulengeza kuti lero wapeza a Slamet atatu, ndipo mmodzi mwa iwo ndi wolondera. Pomaliza anapeza kuti mayina anafanana kakhumi ndi kanayi, ndipo pa okalamba atatu alionse, mmodzi anali wa tsiku lomaliza la chaka.

"Ndiye tiziwafunsa chiyani, poti tsiku lobadwa salidziwa?" anafunsa Bu Lasmi.

Anayankha ndi Galuh, motsitsa mawu. "Mudzi wawo, Bu. Palibe gogo woiwala kwawo. Komanso tisamaitane dzina ife. Tizifunsa kuti, dzina lanu ndani, iwo anene okha."

Anselmus anawonjezera za kapepala kachikasu komata pabedi ndi pafaelo, pakakhala a dzina limodzi. Anati akagula yekha kumsika ngati chipatala chikuona kuti n'chinthu chachikulu.

Msonkhano wa pamwezi unkachitikira m'chipinda chapamwamba. Akuluakulu anakhala mozungulira tebulo, akoas ataima kukhoma. Dokotala Hardiman, mkulu wa mawodi a akuluakulu, anawerenga lipotilo magalasi ali pamphuno. Anali dokotala waluso, ndipo ankadziwa kuti ndi waluso.

"Apa mwalemba kuti wantchito wina. Bu Lasmi, ine ndakhala pano zaka makumi awiri, sindinakumanepo ndi munthu dzina lake Wina. Ndani?"

"Fomuyi ilibe malo a dzina, Dok."

"Ndiye nenani pakamwa."

"Pepani, Dok. Sindinena."

Hardiman anaika lipotilo patebulo.

"Ndikudziwa kuti ndi mmodzi wa awa," anatero Hardiman, akuloza kukhoma ndi cholembera. "Wodi ndi yanga. Mwana wosasamala ayenera kubwereza lero, asanaphe munthu mawa. Kapena mukufuna tiziwasisita?"

"Anasamala, Dok. Anawerenga chibangili. Dzina linali lomwelo, tsiku lomwelo, chaka chomwecho."

"Nanga nambala ya faelo?"

"Pakapepala kamene anamupatsa panalibe nambala. Timapepala timeneti ku wodi kuja timalembedwa pamanja, dzina ndi tsiku basi. Ndabweretsa makumi awiri ta sabata yathayi, mungathe kuona."

Hardiman sanayang'ane timapepalato. "Zodabwitsa. Kale munkatchula mayina osafunsidwa n'komwe."

Mawuwo anawalasa, ndipo aliyense anadziwa chimene ankanena.

"N'zoona, Dok. Ndinatchula. Munthuyo anachoka, ndipo patatha miyezi isanu mwana wina anabayidwanso molakwika ndi namwino wina, pa chifukwa chomwecho. Ndikatchula lero, mawa palibe adzabwere kudzandiuza kanthu. Ndikupempha kuti anawa alankhule. Ali ndi zimene awerenga."

Koas salankhula pamsonkhano umenewu. Mkulu wa chipatala anayang'ana wotchi, kenako anagwedeza mutu kuti alankhule, mphindi zisanu. Anselmus anawerenga manambala, nthabwala zonse zitamuthawa. Galuh anafotokoza za mudzi ndi kapepala kachikasu. Hardiman anamuyang'anitsitsa nthawi yonseyo, ndipo Bu Lasmi anaona kuti wadziwa amene anatenga magazi aja. Koma atamaliza, dokotalayo anangovula magalasi.

"Yesani ku wodi ya amayi mwezi umodzi. Nambala ya faelo izilembedwa pa kapepala kalikonse. Zachikasu zanuzo zisadetse makoma."

Galuh sanabwereze. Pamwezi woyesera uja panawonjezeka wina, kenako mawodi onse anatengera. Koma kuyambira tsikulo Dokotala Hardiman sanaperekenso moni kwa Bu Lasmi. Akakumana m'khonde ankayang'ana foni.

Sabata zawo zophunzira pachipatalapo zitakwana, gululo linasamukira kuchipatala china. Linabwera kudzatsanzika mothamanga, basi ikudikira pageti. Anselmus anapempha chithunzi, ndipo Bu Lasmi anaima pakati pawo osadziwa poika manja. Galuh anatsalira pang'ono, anagwira dzanja lawo n'kuligunditsa pamphumi pake.

"Ndizikuimbirani, Bu."

"Uzikagona mokwanira, Nduk. Pita, akusiya."

Galuh anatumiza uthenga pa chikondwerero chomasula kusala kudya chaka chimenecho, ndiponso chaka chotsatira. Kenako anakhala dokotala kwinakwake ku Kalimantan, nambala inasintha. Bu Lasmi sanamuimbe mlandu. Ankadziwa mmene ntchitoyi imadyera munthu.

Magulu ena anabwera, lililonse sabata zisanu ndi imodzi. Bu Lasmi sanatsegulenso buku la unduna. Gulu lina linapeza kuti mabotolo awiri a mankhwala osiyana, ofanana maonekedwe, ankasungidwa pashelefu imodzi. Lina linayeza mphindi zimene zinkadutsa wodwala akaliza belu. Lina silinapeze chilichonse, linangodya mtedza wawo n'kupita. Akangoyamba kudziwa kuti uyu amakonda tiyi wopanda shuga, uyu bambo ake akudwala, tsiku lotsanzika linali litakwana. Lachinayi m'kachipindamo munkadzaza nsapato ndi phokoso. Lachisanu m'mawa ankasesa nyenyeswa, n'kumva makina a kochapira okha mpaka sabata ithe.

Bokosi la pakhomo linayamba kulemera. Poyamba ankaponyamo akoas okha, kenako munayamba kupezeka zolemba za anamwino, amene Bu Lasmi ankawazindikira ndi kalembedwe koma osanena. Ankaponya khonde likakhala lopanda anthu. Mmodzi wa iwo, amene fomu yake inachititsa kuti mabedi a okalamba aikidwe zotchingira, anadutsana nawo pamzikiti wa chipatala tsiku lomwelo n'kungoti, "Bu," osaima. Anamwino atsopano ankamata timapepala tachikasu poganiza kuti tinalipo chiyambire. Oyendera zipatala atabwera kuchokera ku likulu anayamikira kwambiri njirayo, ndipo amene anawafotokozera anali Dokotala Hardiman. Bu Lasmi anaima kumbuyo atanyamula mafaelo, ndipo anaona kuti wafotokoza bwino, osalakwitsa paliponse.

Anapuma pantchito ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu. Mwambo wake unachitika Lachisanu, pamodzi ndi wa dalaivala wa ambulansi amene ankapumanso. Panali mpunga wachikasu ndi mazira, ndipo aliyense anapatsidwa wotchi ya pakhoma. Dalaivalayo anzake anamuimbira nyimbo mpaka analira. Bu Lasmi anthu anawagwira chanza mwaulemu, mmodzimmodzi, ndipo ena anawayang'ana ngati ali ndi mawu, koma mzere unkayenda.

Wolowa m'malo mwawo anali namwino wachitsikana, Mbak Retno, wodziwa kompyuta. Anabwera masana kudzalandira makiyi.

"Akuti mafomu aziponyedwa pafoni tsopano, Bu. Nanga akoas aja ndiziwaphunzitsa chiyani? Pali zolemba zanu?"

"Palibe, Mbak. Muziwafunsa zimene aona, kenako muzikhala chete. Amachedwa kuyamba. Komanso mupemphe mipando, ine ndinalephera."

Bu Lasmi anakwera minibasi wotchi ili pamiyendo, m'katoni yake. Kunyumba anaiika pamwamba pa kabati osaitsegula, poti pakhoma panali kale ina.

Lolemba anadzuka kusanache monga mwa nthawi zonse. Anapemphera, kuphika, n'kutsuka mbale yawo imodzi ndi kapu. Anasesa pabwalo, kuthirira tsabola wa m'zitini, n'kuchotsa masamba ouma pa mtengo wa mapapaya. Ana a sukulu anadutsa, kenako amayi opita kumsika, kenako msewu unangoti phee. Bu Lasmi anakhala pakhonde manja ali pamaondo. Atalowa m'nyumba kukaona nthawi, anapeza kuti eyiti koloko sinakwane.